Atsikana akusiya kalabu yanga ya mpira wamanja, kodi ndiwakope ndi sopo?

Funso

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza. Chaka chatha ndinayambitsa kalabu ya mpira wamanja ya atsikana a m'midzi yozungulira sukulu yathu, a zaka kuyambira 11 mpaka 17. Sabata yoyamba ankabwera 40. Munthu wina wakufuna kwabwino anatigulira mipira iwiri ndi mabibu, ndipo tinapambana pa bonanza ya m'zoni mwathu. Koma pano amabwera 12 basi, tsiku lina osakwana n'komwe. Timakumana Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu nthawi ya 4 koloko madzulo. Aphunzitsi anzanga akuti ana a masiku ano ndi aulesi, ena akuti ndizigawa sopo kapena zakumwa kuti abwerere. Ndichite bwanji?

Yankho

Aphunzitsi, sopoyo musagule kaye, ndipo za ulesizo musazimvere. Mtsikana amene amadzuka kusanache, kusesa pabwalo, kutsuka mbale, kupita kumjigo kawiri kenako n'kuthamangira kusukulu, ameneyo si waulesi. Akanakhala aulesi sakanabwera 40 sabata yoyamba ija. Anabwera chifukwa panali chimene ankafuna, ndipo ambiri a iwo sanachipeze.

Taonani bwino nambala imene mwatsala nayo. Timu ya mpira wamanja imalowetsa osewera 7 m'bwalo, ndipo pa mipikisano yambiri gulu lonse limakhala la anthu 12, asanu ali pa benchi. Ndiye kuti amene atsalawo ndi timu yeniyeni ija imene inakapambana ku bonanza. Nthawi zambiri zimayenda chonchi: mpikisano ukayandikira kochi amasankha odziwa kale, n'kuwaveka mabibu, mipira iwiri ija n'kukhala m'manja mwawo, ena onse n'kukhala pa udzu kuonerera kapena kutola mpira ukatuluka. Palibe amene wathamangitsidwa. Koma mwana akaonerera anzake masabata atatu amadziwa yekha kuti pano si pake. Inu munalengeza kalabu ya aliyense, koma chimene chakhala chikuyenda ndi timu ya mpikisano, ndipo ziwirizi sizikonzedwa mofanana.

Zimenezi zimagwera makochi ambiri, chifukwa ife oyambitsa masewera timayambira pa zimene ifeyo tikufuna: chikho, dzina la sukulu, kutulutsa mwana amene tsiku lina adzavale yunifomu ya ma Queens, timu ya dziko lino ya mpira wamanja. Si zoipa ayi. Kungoti mwa atsikana 40 aja, amene anabwera ndi maganizo a chikho anali ochepa. Wina anabwera chifukwa mnzake wa ponda apa nane m'pondepo anabwera. Wina ankafuna ola limodzi lopanda womutuma. Wina amangokonda kuthamanga ndi kuseka. Wa zaka 16 uja, amene m'kalasi sizimuyendera, ankafuna malo oti naye aoneke kuti pali chimene amatha. Wamng'ono kwambiri anangotsatira mkulu wake. Mukawaika onsewa pa mzere umodzi n'kumawakonzekeretsa ngati akupita kukalimbirana chikho, otsala adzakhala okhawo amene anabwereradi chikho.

Akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Edward Deci ndi Richard Ryan a ku yunivesite ya Rochester ku America, anatha zaka zambiri akufufuza chimene chimachititsa munthu kupitiriza chinthu popanda womukakamiza. Anapeza zinthu zitatu: munthu amve kuti naye ali ndi gawo posankha, aone kuti akupita patsogolo, ndipo adziwe kuti pa gulupo amamuwerengera. Yezani kalabu yanu ndi zitatuzi, koma musayezere pa wogoletsa zigoli uja. Yezerani pa mtsikana amene amagwetsa mpira. Kodi chiyambireni anasankhapo kanthu? Kodi pali chimene akutha lero chimene mwezi watha chinkamukanika, ndipo alipo amene anamuuza? Akajomba, alipo amene amazindikira? Kafukufuku wina wotsogoleredwa ndi Amanda Visek wa ku George Washington University ku America komweko anafunsa ana osewera mpira wamiyendo, makolo awo ndi makochi kuti chimasangalatsa pa masewera n'chiyani. Panatuluka zinthu 81. Kupambana kunali kumunsi ndithu, pomwe pamwamba panali kuyesetsa ndi mphamvu zako zonse, kupatsidwa ulemu ndi kochi ndiponso kupatsidwa mpata wosewera. Ana a ku Dedza ali ndi mavuto amene a kumeneko alibe, koma pa nkhani ya kukhala pa udzu anzako akusewera, ululu wake ndi womwewo.

Ntchito yanu yoyamba tsono ndi kukamva kwa amene anasiya. Otsalawo adzakuuzani kuti zonse zili bwino, chifukwa kwa iwo zilidi bwino. Koma musapite nokha ndi funso lakuti "n'chifukwa chiyani unasiya?" Kwa mwana, mphunzitsi akafunsa choncho ndiye kuti walowa mlandu. Adzayang'ana pansi, n'kumakanda dothi ndi chala cha kuphazi, n'kuyankha kuti "palibe" kapena "ndimadwala". Tumani mtsikana wamkulu amene anzake amamukhulupirira, kapena mayi mmodzi wa mother group amene sakalipa, akacheze nawo atatu kapena anayi pamodzi, kutali ndi ofesi ya ahedi. Mafunso akhale ofewa. Tsiku limene unasangalala kwambiri ku mpira kunachitika chiyani? Nanga tsiku lomaliza kubwera? Kwanu amati chiyani ukamapita ku bwalo? Ukanakhala iweyo kochi, ukanasintha chiyani? Lomalizali ndi limene limamasula pakamwa, chifukwa mwana amatha kudandaula osaoneka kuti akudandaula. Ndipo zikatuluka zokhudza inuyo, zoti mumakalipa kapena mumakondera, musafufuze amene wanena.

Nkhani ya nthawi idzatuluka ndithu. 4 koloko ndi yabwino kwa mphunzitsi amene wamaliza kuchonga, koma kwa mtsikana wa kumudzi ndi nthawi yokatunga madzi a madzulo, yofuna ndiwo, yochokera kuchigayo, yolera mwana mayi akadali kudimba. Mnyamata akhoza kukhala pa bwalo mpaka kuchite mdima, koma mlongo wake amafunidwa kukhitchini. Masiku atatu pa sabata achulukanso. Mayi amene akanalola tsiku limodzi amakana atatu, ndipo akakana amakaniratu onse. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Dedza kumazizira, 6 koloko isanakwane kumakhala kutada, ndipo mwana wa mudzi wakutali amafika kwawo nsima itaphikidwa kale ndi wina, n'kupeza mawu akumudikira pakhomo. Dzinja likafika pali kudzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira. Mu Januwale ndi Febuluwale ufa umakhala utachepa m'mabanja ambiri, ndipo mwana amene wangomwa phala m'mawa simungamuthamangitse ola ndi theka. Onjezanipo tsiku la msika, mayeso a Sitandade 8 ndi nyengo ya chinamwali.

Choncho kalendala ya kalabu itsatire chaka cha mudzi. Masewera ambiri akhale pambuyo pa kukolola, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo m'dzinja muzingokumana mwa apo ndi apo kuti gulu lisafe. Tsiku ndi ola asankhe atsikanawo pamodzi ndi amayi awo. Mwina adzati Loweruka masana, mwina akangoweruka asanapite kunyumba. Chimene mwagwirizanacho musunge. Mukati tiziweruka 5 koloko, wezulo ilire 5 koloko ngakhale masewera atakoma bwanji, chifukwa mukachedwetsa mwana kawiri mayi ake sadzakukhulupiriraninso.

Makolowo muwapitire, kalata yopatsira mwana sikwanira. Pemphani mphindi zochepa pa msonkhano wa makolo kapena pa bwalo la amfumu, munene tsiku, ola loweruka, mayi wamkulu amene azikhalapo nthawi zonse, ndiponso kuti ana a mudzi umodzi azibwerera limodzi. Makolo ambiri sadana ndi mpira. Chimene amaopa ndi njira ya madzulo ndi anyamata oima m'mbali mwa bwalo. Ngati inu ndinu bambo, za mayi wamkuluzo muzitenge ngati lamulo, ndipo musapezeke muli nokha ndi mwana mmodzi, ngakhale pa ulendo wa ku bonanza.

Pali china chimene atsikana akuluakuluwo sangakuuzeni inu, ndipo ngakhale mayi uja adzachimva mozungulira. Pakati pa zaka 12 ndi 15 thupi limasintha. Mabere akayamba, kudumpha pamaso pa anyamata amene akuimba malikhweru ndi kutchula mayina kumafuna mtima wolimba kwambiri. Akakhala kumwezi, popanda padi yodalirika, popanda chimbudzi cha chitseko ndi madzi pafupi, mtsikana amajomba masiku angapo. Pobwerera amapeza bibu yake yavalidwa ndi wina, kochi n'kumufunsa pa gulu kuti unali kuti. Zikachitika kawiri, sabweranso. Manyazi amenewa si a kwathu kuno kokha. Bungwe la Sport England litafufuza chimene chimalepheretsa amayi ndi atsikana ambiri a ku England kuchita masewera, linapeza kuti chachikulu ndi kuopa kunenedwa, ndipo n'chifukwa chake mu 2015 linayambitsa kampeni ya This Girl Can. Kwa inu mankhwala ake sadula. Pa ola la atsikana bwalo likhale lawo okha, oonerera aziloledwa tsiku la mpikisano basi. Aliyense avale chimene ali nacho womasuka, kaya siketi yaitali, kabudula wamkati kapena chitenje chomanga m'chiuno. Wojomba asafunsidwe pa gulu. Amene sakufuna kuthamanga tsiku limenelo mupatseni wezulo kapena kope lolembamo zigoli, akhalebe pakati pa anzake.

Tsopano tilowe m'bwalo. Werengani nokha: ola limodzi, mipira iwiri, ana 40. Ngakhale mutagawa mwachilungamo chotani, mwana aliyense angagwire mpira mphindi zitatu zokha, nthawi yotsalayo ali pa mzere kudikira. Mipira ya m'sitoloyo isungireni masewera aakulu, ana apange zikulunga khumi za majumbo. Musaone ngati mukubwerera m'mbuyo. Mwai Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa World Cup ya mu 2015 ku Sydney, anayambira kwawo ku Mzimba ndi mpira wa majumbo, kuphazi kulibe nsapato. Bwalo la mpira wamanja lili kale ndi zigawo zitatu. M'chigawo chilichonse ikani anayi kwa anayi, chigoli chikhale kupatsirana kasanu osagwetsa, kapena kuwakha mpira utaponda mzere wa adani. Pamenepo 24 akusewera nthawi imodzi. Otsalawo akhale pambali ndi fulaye kapena jingo. Fulaye imaphunzitsa kuponya molunjika, kuwakha ndi kuzinda, ndipo atsikanawo amaidziwa kuposa inu, choncho asiyeni atsogolere okha, malamulo akhale awo. Pakatha mphindi 10 asinthane.

Alekanitseni malinga ndi msinkhu. Mwana wa zaka 11 akagundidwa kawiri ndi wa zaka 17 amayamba kuthawa mpira m'malo moulandira, ndipo akuluakuluwo nawo amachita manyazi kusewera ndi tiana. Koma mabwenzi musawalekanitse. Amene anabwera awiriawiri asiyeni m'timu imodzi, ngakhale zikusokonezereni kalinganizidwe kanu.

Malamulo a mpira wamanja amalola awiri okha kuponya ku golo, amene avala mabibu olembedwa GS ndi GA. Mtsikana amene mwamuveka bibu ya WD, ya wotchinga, tsiku loyamba akhoza kutha chaka chathunthu osagoletsapo, pomwe chimene mwana aliyense amalota akaona golo ndi kulowetsa mpira m'menemo. Kwa ang'onoang'ono mabibu azizungulira kota iliyonse. Zimenezi zikuthandizani inunso, chifukwa ana sakula pa liwiro limodzi. Wamtali wa lero si amene adzakhale wamtali pa zaka 17, ndipo makochi ambiri ataya osewera abwino powaweruza asanakule. Aliyense akhalenso ndi kodziyezera kake: pa kuponya 10, zalowa zingati lero, zinalowa zingati mwezi watha. Kuchoka pa 2 kufika pa 4 ndi nkhani yoti mwana akaifotokoze kunyumba, bola inu muitchule pa gulu ndi dzina lake. Chilango chozungulira bwalo, chija makochi athu amachikonda, chisiyeni. Chimagwera kwambiri wochedwa, ndipo wochedwayo nthawi zambiri ndi amene anayamba wapita kumjigo.

Sindikunena kuti mpikisano ufe. A 12 ajawo nawonso ali ndi zofuna zawo, ndipo akaona kuti zonse zasanduka fulaye adzachoka. Amenewa amafuna kutuluka thukuta, kukonzedwa akalakwitsa, kukwera lole kukasewera ndi sukulu zina. Maloto awo si opanda pake. Ma Queens anamaliza pa nambala 5 pa mpikisano wa dziko lonse mu 2007 ku Auckland, ndipo Temwa Chawinga wa ku Rumphi anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wamiyendo ya amayi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Apatseni tsiku lawo limodzi, lokhwima, ndipo alumikizeni ndi mipikisano ya MASSA, bungwe loyendetsa masewera a m'sukulu, komanso ofesi ya zamasewera ya pa boma. Koma khomo la tsiku limeneli lizitsegulidwa teremu iliyonse kuti wina amene wakula alowe, ndipo wofuna kukhalamo azibweranso pa tsiku la aliyense kudzatsogolera timagulu ta ang'onoang'ono. Masiku atatu aja asanduke awiri, ndipo mtsikana wamba azifunika limodzi lokha.

Pa tsiku la aliyenselo yambitsani kaligi ka m'kati. Matimu anayi kapena asanu, osakaniza odziwa ndi ophunzira, mayina ndi nyimbo zawo asankhe okha. Mapointi asamabwere ndi kupambana kokha. Ku Mathare, mu mzinda wa Nairobi, bungwe la MYSA limene linayamba mu 1987 limapereka mapointi a mu ligi kwa timu imene yagwira ntchito yoyeretsa m'dera lawo. Inu mukhoza kupereka pointi kwa timu imene onse abwera, ina kwa timu imene aliyense wasewerako kota imodzi. Mudzaona wogoletsa uja, amene kale ankanyogodola wogwetsa mpira, akudzera kwawo kukamutenga.

Tibwerere ku sopo. Mu 1971 Deci yemwe uja anafalitsa zimene anapeza atapatsa ophunzira a pa yunivesite kasewero kolumikiza timatabwa. Ena anawalipira, ena ayi. Malipiro atasiya, olipidwa aja anachepetsa nthawi yosewera mwa kufuna kwawo, pomwe kwa osalipidwawo chidwi sichinatsike. Kunena zoona, kuno timazidziwa kale popanda kafukufuku: msonkhano umene anthu anauzolowera ndi alawansi, tsiku limene palibe envelopu mipando imangoti mbee. Mukayamba kugawa sopo kwa obwera adzabweradi, mwinanso kuposa 40, koma mudzakhala mutasintha chimene akubwerera, ndipo tsiku limene m'thumba mwanu mudzaume adzaona ngati mwawabera. Malipiro n'ngosiyana ndi kuchotsa chopinga. Ndowa ya madzi akumwa pa bwalo, mapadi ochapa osungidwa ndi mayi uja n'kumaperekedwa mwakachetechete, chimanga chokazinga m'miyezi ya njala, zimenezi zimangolola mwana kuchita chimene akufuna kale. Kaphwando ka onse kumapeto kwa teremu nako n'kabwino. Ndalama ya sopoyo ipite kumeneko.

Gulu likadzakula, mabungwe adzabwera ndi maphunziro a za umoyo ndi zina. Alandireni, nkhani zake n'zofunika, koma mphindi 15 zikwane. Ana amene anakhala pa desiki m'mawa wonse sanabwerere kalasi ina pansi pa mtengo.

Ena sadzabwerera. Wina anasamuka, wina wapeza kwaya imene imamusangalatsa kuposa mpira, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma mukamva kuti wina anasiya chifukwa cha mimba kapena banja, nkhaniyo yaposa ya mpira. Malamulo a dziko lino saloleza ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo mfundo za Unduna wa Maphunziro zimalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Dziwitsani ahedi, amayi a mother group ndi woona za chitetezo cha ana m'dera lanu. Akafuna kubwera ku bwalo mwana ali kumbuyo, mulandireni, chifukwa kumeneko n'kosavuta kuyambira kusiyana ndi m'kalasi.

Pomaliza, sungani kope la mayina ndipo muzichonga tsiku lililonse lokumana. Amene wajomba kawiri motsatizana, mnzake wa m'timu akamuone sabata yomweyo, asanazolowere kukhala. Teremu ikatha werengani amene anayamba ndipo akadalipo, mowagawa misinkhu, chifukwa akuluakulu ndiwo amayamba kusowa ndipo nambala ya onse pamodzi imabisa zimenezo. Nambala imeneyi ndi imene mukauze wakufuna kwabwino uja. Akafunsa chimene mukusowa, pemphani mipira yambiri yotsika mtengo, pampu ndi masingano ake, mabibu a mitundu inayi ndi ndowa ya chivindikiro. Yunifomu ya anthu 12 idikire kaye.